Wolawa Jini Sameza

9 Malichi

Amake ana,

Ndikhulupirira kalatayi ikupezani muli bwino, inu ndi ana onse awiri. Ine kuno ndili gwa, kupatula msana umene ukundikumbutsabe matumba a simenti aja. Alamu nawonso ali bwino, achita kunenepa.

Musadabwe kuti ndalemba kalata m'malo moimba foni. Chipinda chathu ndi chimodzi, mabedi awiri ndi nsalu yotchinga pakati, ndipo ndikangoti "halo" mlongo wanuyo amasiya chilichonse, ngakhale supuni imaima panjira isanafike pakamwa. Munthu sungalankhule ndi mkazi wako ngati ukuwerenga nkhani pawailesi.

Nkhani ndi iyi. Ntchito ya zomangamanga ija inatha, ndipo alamu andipezera malo kumene iwo amayendetsa galimoto yoperekera katundu. Khalani pansi musanawerenge mzere wotsatirawu. Ndi kampani yaing'ono yotcheza mowa wotchedwa jini. Ndikudziwa zimene zabwera m'mutu mwanu, ndipo ndikuona mmene mwakhwinyira nkhope. Sindinaiwale m'mawa uja munaima pakhomo mzime ali kumsana, ine ndikuchokera m'ngalande m'mene ndinagona, makina anu osokera nditagulitsa. Munati ndikadzamwanso mudzatenga ana n'kubwerera kwa amayi anu, ndipo simudzachita kutsanzika. Papita zaka zisanu ndi chimodzi ndisanaikeko pakamwa, ndipo sindikufuna kukutayani chifukwa cha botolo.

Ntchito yanga ndi yotsuka mabotolo basi. Ndimaima pasinki yaitali yachitsulo nditavala magolovesi ofika m'zigongono, kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka. Mphika wotchezera uli mbali ina ya nyumbayo, wa kopa, wautali kuposa ine nditakwera pampando. Fungo la muno si la kumalo omwera mowa ayi. Jini amamupatsa fungo ndi tizipatso touma takuda, tating'ono ngati mikanda, totchedwa junipa. Ukatiphwanya ndi chala timanunkhira ngati thabwa la paini longochekedwa kumene.

Chinthu chimodzi chokha chikundidya mutu. Alamu sanayambe andichitirapo zabwino osapemphedwa. Pa malo onse a m'tauni muno, bwanji andipezera pamenepa? Kodi ndinu munawatuma kuti andiike pafupi ndi moto n'kumaonerera ngati ndipse? Mundiuze zoona, sindikwiya.

Ndalama ndapatsira dalaivala wa basi yemwe uja wa chipewa chofiira. Envulopu ikafika yomatuka mundidziwitse. Mugule malata atatu a pamwamba pa chipinda cha ana, musadikire kuti mabuku a mtsikana wathu anyowenso. Kuno buledi wakwera moti ndimamudula mopyapyala mpaka kuwala kumaonekera mbali ina.

Mupereke moni kwa apongozi.

Ndine bambo a ana anu.

6 Epulo

Amake ana,

Moni wochuluka. Yanu ndalandira, ndipo ndakondwa kumva kuti chifuwa cha mzime chasiya. Ine ndili bwino, msana wayamba kundimvera. Mwati alamu simunawatume chilichonse. Chabwino, ndamva. Ndangodabwa kuti funso limenelo mwaliyankha ndi mzere umodzi, pomwe za nkhuku mwalemba tsamba lathunthu.

Kwachitika zinthu kuntchito. Mwini kampani ndi mayi wamfupi wa imvi, wosaseka wamba. Akakhala kulibe timawatchula kuti Adona Mphuno, chifukwa ndi fungo lokha amadziwa amene anadya anyezi dzulo. Lachiwiri lapitali ananditumiza kukanyamula thumba la junipa mosungira katundu. Nditalisenza ndinamva kafungo ka chuku.

Ndinati, "Adona, thumba ili linanyowapo."

Anandiyang'ana kuyambira kumapazi mpaka kumutu. "Wakuuza ndani?"

"Palibe. Ndangomva."

Anang'amba thumbalo pansi ndi mpeni, ndipo tizipatso takumunsi tinalidi titayera ndi chuku. Sanathokoze. Anangoti, "Vula magolovesi, bwera kuno."

Tsopano m'mawa uliwonse ndimaima nawo pamphika. Amathiramo mowa woyera wopanda fungo, kenako junipa, njere za koliyanda, makoko a mandimu ndi a malalanje, ndi muzu wina wonunkha dothi. Zikawira, nthunzi imakwera m'khosi mwa mphika, imakazizira m'paipi n'kuyamba kudontha. Zoyamba kutuluka amazitcha mutu, ndipo zimalasa m'mphuno ngati mankhwala ochotsera penti. Zimenezo siziloledwa m'botolo. Kenako pamabwera mtima, umene uli jini weniweni. Pomaliza pamatuluka mchira, wonunkha ngati chiguduli chonyowa. Luso lonse lagona pa kudziwa nthawi yosinthira chidebe. Ine ndimangodontheza padzanja n'kununkhiza. Mphuno yokha, amake ana, pakamwa m'potseka.

Adona akasangalala amakamba mbiri. Akuti anayambitsa zimenezi ndi Aholandi zaka mazana angapo zapitazo. Ankatcheza mowa wa chimera n'kuthiramo junipa, ankautcha jeneva, ndipo unkagulitsidwa ngati mankhwala a impso ndi a m'mimba. Asilikali a Angelezi atapita kukamenya nkhondo kumeneko anaulawa, anaukonda, n'kupita nacho chizolowezicho kwawo, dzina n'kulidula kukhala jini. Ine ndinaseka chamumtima. Mankhwala ati? Nanenso paja ndinkati ndikumwera dzino lowawa, ndipo dzinolo linawawa zaka zinayi.

Tsopano za kwathu. Mwati kalipentala wa pafupi ndi chigayo wakhoma malata aja osalipiritsa. Ndi kalipentala uti amene amakwera padenga la mwini ulere? Anafika kangati? Ana analipo? Mumupatse ndalama yake yonse, ndipo tiyi azikamwera kwawo.

Ndine bambo a ana anu.

18 Meyi

Amake ana,

Ndikupereka moni kwa inu ndi ana. Ine ndili bwino kwambiri, kuposa masiku onse chibwerereni kuno. Andikweza, ndipo envulopu ya ulendo uno muimva kulemera. Mtsikana wathu mumugulire nsapato zachikopa, osati zapulasitiki zija zimang'ambika mwezi usanathe. Inunso mudzigulire nsalu, musangothera pa ana.

Tsopano ndili m'gulu la olawa. Musadzidzimuke, muyambe mwamva mmene zimachitikira. Tilipo anayi. Nthawi ya teni koloko m'mawa timalowa m'kachipinda kopaka laimu, kosaloledwa fodya kapena mafuta onunkhira. Patebulo pamakhala timatambula, jagi ya madzi osefedwa osungunulira jini, ndi zikho zachitsulo, aliyense chake. Umanunkhiza, umaika pakamwa, umazunguza, n'kulavulira m'chikho chako. Tikamaliza Adona amazungulira tebulo n'kusuzumira m'zikho zonse. Zimene walawa ziyenera kupezeka m'chikhomo. Amati, "Wolawa sameza. Womeza pofika tambula yachisanu lilime lake limakhala litagona." Ndiye mukuona, pamenepa pali chitetezo kuposa kutchalitchi.

Ine ndinkayesa jini ndi mmodzi, kani alipo mitundumitundu. Jeneva wa Aholandi uja ndi wolemera m'kamwa, amamveka buledi wongotuluka mu uvuni, junipa amabwera pambuyo mwaulemu. Ndiye pali wotsekemera wachikale. Akuti kalelo Angelezi ankatcheza mosasamala, mowa n'kumatuluka waukali, ndiye ankathira shuga kuti abise. Lero amamupanga dala, ndi wofewa, amamata pang'ono m'milomo. Kutabwera makina atsopano otulutsa mowa woyera bwino panalibenso chobisa, shuga anamusiya, ndipo ndi mmene anabadwira amene amati wouma, yemwe amagulidwa kwambiri. Ameneyu junipa ali patsogolo, mandimu akutsatira, ndipo akachoka m'kamwa mumatsala mbee ngati wangotsuka mano. Palinso wamakono wothira maluwa ndi nkhaka. Ine ndimati ndi mafuta odzola amene anasochera m'botolo, koma anyamata a m'maofesi amamufera.

Mfumu yawo ndi wa amalinyero, wamphamvu kuposa onsewa. Anthu amasimba kuti m'sitima zankhondo ankamuyesa pomuthira paonga wamfuti, ndipo ongawo ukayakabe ankadziwa kuti wogulitsa sanathiremo madzi. Kaya n'zoona kaya n'zokometsera malonda, sindikudziwa. Ameneyo amatsika kukhosi ngati khala lamoto n'kukakhazikika pansi pa chifuwa, ndipo amakhala pamenepo akukufunditsa mpaka masana, anthu onse a mumsewu n'kumaoneka ngati abale ako.

Nditawauza alamu za kukwezedwaku ndinkayembekezera kuti andigwira dzanja. Anapitiriza kupukuta nsapato zawo, kenako anati, "Alamu, mabotolo aja anakulakwirani chiyani?" Mukuona? Iwo atha zaka zitatu akuyendetsa galimoto yomweyo, ine miyezi iwiri ndakwera. Nsanje imeneyi ndikuiona, ndipo akakuimbirani muzisefa zimene akunena.

Za kalipentala uja simunayankhe.

Ndine bambo a ana anu.

22 Juni

Amake ana,

Moni ndikupatsani ngakhale inu simunandipatse. Ine ndiliko. Kalata yanu ndalandira, ngati tingaitche kalata. Moni mulibe, za ana mulibe, za nsapato mulibe, koma mawu amodzi okha pakati pa pepala: "Mwayambanso?"

Wakuuzani ndani? Musandibise, chifukwa ndikumudziwa kale. Lamlungu lapitali foni ya alamu inalira, iwo n'kutuluka nayo kukaima pampopi wa panja. Nditatuluka ndi ndowa anadula msangamsanga, n'kuyamba kusamba m'manja moyera kale. Malaya anga ndikavula amawatola, amvekere akundipachikira pamsomali, koma ndimawaona akuwayandikitsa kumphuno. Munthu wogwira ntchito pamphika wa jini anganunkhe chiyani, maluwa? Ndiye pansi pa bedi langa pafikanso dzanja. Chikwama ndinachisiya chitayang'ana kukhoma, ndinachipeza chitayang'ana kukhomo.

Popeza za botolo la m'chikwamamo akuuzani kale, ndifotokoze ndekha. Pepala likamatidwa mokhota pabotolo, Adona saligulitsa, amapatsa antchito. Langa ndinasunga kuti ndidzagulitse kwa anthu a pamsika. Ngati mlingo wake watsikako, ndi chifukwa choti jini amauluka chitsekero chikapanda kulimba. Zimenezi aliyense wa ntchito ino amazidziwa, kupatula madalaivala.

Zikuoneka kuti mlongo wanuyo wafikanso kwa abwana. Lachinayi tili patebulo Adona anayamba nkhani popanda wowafunsa. Akuti zaka pafupifupi mazana atatu zapitazo boma la Angelezi linalola aliyense kutcheza jini. Anatchipa moti ankagulitsidwa m'nyumba, m'misewu, paliponse, ndipo anthu osauka anathera momwemo. Amuna ankasiya ntchito, amayi ankaiwala ana, ndipo boma linavutika zaka zambiri ndi malamulo ndi misonkho kuti lizimitse moto umene linayatsa lokha. Akunena zimenezi maso awo anakhala pa ine nthawi yaitali kuposa pa anzanga atatu. Ndinayang'ana pansi, mtima ukuwawa. Anthu amenewo ankamwa zoipa zotchezera kuseri kwa nyumba kuti aledzere. Ine ndimagwira ntchito yaluso, ndipo chikho changa chimapezeka chodzaza tsiku lililonse. Mukafunse aliyense.

Mukaona zilembo zikupendekeka musayambe kuganiza zambiri. Botolo linandisweka m'manja, chala chili ndi bandeji. Lolemba sindinapite kuntchito chifukwa cha chimfine, kuno kwazizira. Foni yanga inatayika m'basi, ndiye musavutike kuimba.

Ndikufuna kumva za ana. Mzime wayamba kuwerenga? Ndipo mundiuze kuti pakhomo pamafika ndani ndi ndani masiku ano, chifukwa funso ngati lanu lija munthu salipeza yekha.

Ndine bambo a ana anu.

2 Ogasiti

Amake ana,

Ndikhulupirira muli moyo, popeza kalata yanu sindinaione masabata asanu ndi limodzi. Dalaivala wa basi akuti envulopu anakupatsani m'manja. Ngati pali wina amene akusunga makalata anga kumeneko, mundiuze. Ine ndili bwino, kungoti chakudya sichikulowa kwenikweni.

Mumve kwa ine musanamve zokhotetsa. Alamu ndawatulutsa m'chipinda. Loweruka masana ndinabwera kuchokera kumsika n'kuwapeza atagwada pangalande ya panja, akukhuthula botolo langa.

Ndinati, "Alamu, mukutani?"

"Ndikutaya."

"Katundu wa mwini?"

"Ili ndi lachinayi, alamu. Mabotolo okhota pepala sachuluka chonchi."

"Ndiye mumachita kundilonda kuti muzikauza mlongo wanu?"

Anaimirira n'kupukuta manja pabuluku. "Ine sindinauze munthu. Akandifunsa ndimati muli bwino, ndipo bodza limeneli likundilemera."

Anthu a m'zipinda zina anali atatuluka kale, ena ndi mbale m'manja. Ndinapsa mtima. Chipindachi ndinachipeza ndine, iwo anabwera ndi kachikwama kamodzi akuti angokhala sabata ziwiri. Ndinawatulutsira chikwamacho ndi bulangete, kiyi n'kulanda. Sananyoze, sanakweze mawu, anangonyamula n'kumapita. Kufatsa kumeneko ndi kumene kumandiopsa, chifukwa munthu wosalakwa amadziteteza. Ndikumva kuti akugona m'galimoto ya kampani. N'zofuna okha.

Kuntchito nakonso kuli anthu osandifunira zabwino. Adona achotsa jagi ya madzi patebulo, tsopano amasungunula okha jini asanatipatse. Sananene chifukwa, koma anzanga anayang'anizana. Lachinayi anandiikira timatambula tiwiri n'kuti, "Wouma ndi uti, wotsekemera ndi uti?" Funso la mwana limeneli. Ndinaloza, iwo n'kupukusa mutu. Amake ana, ine ndingasokoneze wouma ndi wotsekemera? Alipo anasintha matambulawo. Ndikukayikira mnzathu wina wandevu amene ankaima pamphika ine ndisanabwere. Sabata yomweyo mchira unalowa mumtima, jini yense n'kubwezedwa mumphika, ndipo mlandu unagwera ine. Paipi ija imadontha mothamanga masiku ano, koma palibe wofuna kumva.

Kuti mtima wanu ukhale pansi, dziwani kuti ndikaweruka ndimamwa toniki, madzi owawa aja okhala ndi kwinini. Akuti kale asilikali ankapatsidwa kwinini wopewera malungo, ndipo atalephera kuwawa kwake anayamba kuthiramo shuga, ndimu ndi jini. Ine ndimamwa toniki yekha, ndipo amandithandiza kunjenjemera kwa manja kumene kwabwera ndi kuzizira.

Ulendo uno envulopu yapepuka chifukwa lendi ndikulipira ndekha. Mugule zofunikira zokha. Ndipo mundiyankhe, ngakhale ndi mawu amodzi ngati kale paja.

Ndine bambo a ana anu.

14 Seputembala

Amake ana,

Moni. Ndikufunirani moyo wabwino inu ndi ana. Ine sindili bwino, ndipo lero sindinamizira chimfine.

Lachitatu tinalawa matambula asanu ndi atatu. Titamaliza Adona anazungulira tebulo monga mwa masiku onse, koma atafika pa ine sanangosuzumira. Ananyamula chikho changa n'kuchinunkhiza. Anauza anzanga kuti atuluke, n'kutseka chitseko.

Anati, "Chikho chako chadzaza bwino, koma chikununkha mankhwala a m'madzi a pampopi. Muno mulibe madzi a pampopi. Tulutsa chimene chili m'thumba."

Ndinatulutsa. Kanali kabotolo ka mankhwala a chifuwa, kamene ndinkadzaza pampopi wa pakhomo m'mawa uliwonse. Kale ndinkathira m'chikho madzi a m'jagi anzanga akayang'ana kumbali, kuti mlingo ukwane. Jagi itachotsedwa ndinayamba kubwera ndi anga. Munthu amene anandilemba ntchito chifukwa cha mphuno, ine n'kuganiza kuti ndingamupusitse ndi madzi a pampopi.

"Unayamba liti kumeza?"

"Sabata yatha, Adona."

"Unayamba mu Meyi. Mlamu wako anabwera kawiri kudzandipempha kuti ndikubwezere kosinki. Sananene chifukwa, anangoti msana wako umafuna kuimirira. Ndinakana, chifukwa mphuno ngati yako sindinaionepo zaka makumi awiri ndipo ndinkaifuna. Pamenepo ndinalakwa ine. Zotsalazo ndi zako."

Ndinangoima ndi kabotolo kaja m'manja, manyazi atandigwira mpaka kumapazi.

Lachisanu lake dalaivala wa basi anandipatsa envulopu yanu. Ndinaitsegula ndi chimwemwe, n'kupezamo kalata yanga yomwe ya mu Meyi. Munadula mzere ndi pensulo pansi pa mawu aja akuti jini wa amalinyero amatsika kukhosi n'kukakhazikika pansi pa chifuwa. M'munsi mwake munalemba kuti, "Wolavula angadziwe bwanji za pansi pa chifuwa? Mlongo wanga sanandiuze kanthu. Munandiuza nokha."

Ndi zoona. Ndinameza, amake ana. Tsiku loyamba kanali kadontho kotsalira palilime, ndipo ndinadziuza kuti kamenekonso ndi malovu. Tsiku lachitatu inali theka la tambula. Mabotolo aja okhota pepala, awiri ndinawakhotetsa ndekha. Foni sinatayike m'basi, ndinaigulitsa. Toniki uja sanali yekha. Wandevu sanasinthe matambula, ndipo paipi ilibe vuto. Kalipentala ndikudziwa kuti ndi mkulu wa zaka za bambo anga, amene anatikhomera chitseko tikukwatirana. Ndinkangofuna kuti pakhale wina wolakwa, kuti ndisakhale ine ndekha.

Chimene chikundiwawa kwambiri ndi alamu. Munthu ankandinamizira zabwino kwa mlongo wake, ine n'kumutayira bulangete panja anthu akuona. Wagona m'galimoto mwezi ndi theka m'nyengo yozizira.

Mawu anu a pakhomo paja ndikuwakumbuka onse, ndipo ndilibe chonena chowatsutsa. Ndikuchita mantha. Ngati kalatayi yakupezani mukadali pakhomo pathu, chonde dikirani pang'ono. Ndikupempha, sindikulamula.

Ndine bambo a ana anu.

30 Okutobala

Amake ana,

Ndikupereka moni kwa inu, kwa ana, ndi kwa apongozi amene akusungani. Ine ndiliko, manja asiya kunjenjemera ndipo chakudya chayamba kulowa.

Dalaivala wa basi anabwerera nayo kalata yanga ya mu Seputembala. Anati pakhomo anapeza loko, ngakhale nkhuku panalibe. Ndinamupempha kuti akaipereke kwa amayi anu, ndipo akuti munailandira. Pa envulopu iyi ndalemba keyala ya kumeneko. Ndinayamba ndalemba yakwathu, dzanja litazolowera, n'kung'amba envulopuyo. Simunatsanzike, monga munanenera, ndipo sindikukuimbani mlandu.

Ntchito sanandichotse. Ndili kunyumba yosungira makatoni, tsidya lina la bwalo, ndimapinda makatoni n'kulongedza mabotolo opanda kanthu. Malipiro abwerera pansi kuposa a kosinki, ndiye envulopu ikhala yopepuka, koma izifika mwezi uliwonse. Sabata yatha Adona anabwera okha kudzandiitana. Anati, "Bwerera pamphika, uzingonunkhiza, patebulo sudzafikanso." Ndinati, "Adona, mphuno ndi pakamwa zayandikana kwambiri." Anakwiya, anati ndikutaya mphatso, n'kuchoka osatseka chitseko. Mwina akunena zoona, koma ndinatsala ndi makatoni anga.

Alamu ndinakawapeza akutsuka galimoto. Ndinaima nthawi yaitali iwo osanditembenukira. Kenako ndinati, "Alamu, ndinakulakwirani pamaso pa anthu, ndiye ndidzapepesanso pamaso pa anthu omwewo. Kiyi wanu nayu."

Anati, "Ndikabwerera sindidzanamanso. Mlongo wanga akandifunsa ndidzanena zimene ndaona."

Ndinati, "N'chimene ndabwerera."

Anatenga kiyi patapita masiku awiri. Lamlungu lake ndinaitana anthu a m'zipinda zonse pampopi n'kupepesa, ndipo ena anaseka.

Lero ndakwanitsa masiku makumi atatu ndi limodzi osamwa. Mukawerenga kuchokera tsiku la chikho lija muona kuti sakukwana. Ndinagwanso kamodzi, pa 29 Seputembala, tsiku limene ndinamva za loko. Ndakuuzani ndekha. Sindilonjezanso, chifukwa lonjezo langa mukudziwa kale mtengo wake. Zanga muzifunsa alamu, ndipo muzikhulupirira iwo kuposa ine.

Sindikuti mubwerere. Ndikungopempha kuti mtsikana wathu asasiye sukulu chifukwa cha mtunda, ngati kukufunika njinga ndiyesetsa. Ndipo mzime akafunsa chifukwa chimene mwasamukira, musamunamize. Mumuuze kuti bambo ake analonjeza n'kuphwanya okha, ndipo akuyesanso.

Ndine bambo a ana anu.